Dzenje la Kuseri kwa Nyumba

"Munakamba kuti izatha mvula ikalibe kubwera. Nanga iyi ni chani?" anatero amayi, akuloza pawindo ndi mpeni wosendera mbatata.

Atate anayankha kuti pulu yosambiramo si chimbudzi choti ukumbe m'mawa, madzulo n'kukhalapo. Anayambanso kufotokoza zomwe tonse tinali titaziloweza. Okumba anapeza mwala pansi, kuuswa kunadya nyengo yonse yozizira. Zitsulo zinachedwa kuchokera ku Lusaka. Mapaipi atayalidwa, magetsi anayamba kuzimazima. Tsopano ba Langford, mmisiri wathu, akuti sangathire konkire m'dzenje lodzaza madzi, ndipo ngakhale atathira, imafuna nthawi kuti ilimbe, kenako pulasitala, kenako matailosi.

"Matailosi pofika nizakhala na adzukulu," anatero amayi. Anawonjezera kuti atate akungofuna kuti anthu odutsa pamsewu wa ku Chalimbana azisuzumira pampanda n'kumati pano pakhala bwana.

Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi foni m'manja, mtima uli kwa atate. Chimalizireni mayeso a giredi 12 ndinalibe chochita koma kudikira, zotsatira ndi pulu yomwe. Ndinali nditamuuza kale Chileshe, mnyamata amene tinkakhala naye desiki imodzi, kuti pa Khirisimasi adzabwere. M'maganizo mwanga tinkakhala m'mphepete, miyendo m'madzi abuluu, iye n'kunena mawu aja amene wakhala akuwameza chaka chonse. M'mawa uliwonse ndinkapita kukaona dzenjelo. Munali achule.

Mwadzidzidzi amayi anaika mpeni pansi.

"Ednah, Towela ali kuti?"

Towela ndi mng'ono wanga, wa zaka zitatu. Mvula isanadule anali pamphasa akuseweretsa zivindikiro za mapoto. Zivindikirozo zinalipo. Chitseko chakuseri chinali chotsekula.

Sindikumbuka kuti tinatuluka bwanji. Malata amene anatchinga dzenje anali chiimire, kupatula limodzi lomwe mphepo inagwetsa. Madzi anali atafika pafupi ndi m'mphepete, ofiirira ngati tiyi wamkaka, osaoneka pansi. Pakati penipeni, mbali yakuya, pankayandama kansapato kapinki.

Amayi anaitana dzina lake kamodzi, ndi mawu amene sindinawamvepo, kenako anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Atate sanavule ngakhale nsapato. Anatsikira mbali yosaya n'kuyamba kuyenda, akufufuza ndi mapazi pakati pa zitsulo zomwe zinalukidwa pansipo kudikira konkire. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti atate sadziwa kusambira. Ndi munthu amene amatsinzina basi ikamawoloka mlatho wa Luangwa tikamapita kumudzi ku Petauke.

Madzi atafika m'khosi anakoka mpweya n'kumira. Pamwamba panangotsala thovu ndi kansapato kaja kakuzungulira. Anatuluka akutsokomola, dzanja likuchucha magazi, n'kumiranso. Ulendo uno anachedwa. Atavuuka, maso awo anali oyera, phazi litakodwa m'zitsulo, chibwano chikugunda madzi.

"Atate ake Ednah, bwererani," amayi ananong'ona, koma sanathe kumaliza, chifukwa kubwerera kunali kumusiya mwana pansipo.

Ndinathamangira m'kanyumba kosungiramo simenti kuti ndikatenge paipi yaitali yoti atate agwire. M'katimo munali mdima ndi fungo la fumbi lonyowa. Nditakoka paipi, china chinagwedezeka mu wilibala. Anali Towela, atadzipinda, phazi limodzi lopanda nsapato, chala m'kamwa. Anandiuza monong'ona kuti anagenda chule ndi nsapato, nsapato n'kupita, ndiye ndisawauze amayi.

Ndinatuluka naye kudzanja limodzi, paipi ndikuikoka ndi linalo. Amayi atamuona anagwada m'matope, koma nthawi yolira panalibe. Tinaponya paipi, atate anaigwira, tinakoka tonse awiri mpaka phazi linasolokamo, nsapato n'kutsala pansi.

Atate anakhala m'matope nthawi yaitali, Towela atamupanikiza pachifuwa chonyowacho mpaka mwana anayamba kudandaula kuti akuzizidwa. Ine ndinayang'ana madzi aja n'kuyesa kuonamo buluu wanga, miyendo yanga ndi ya Chileshe. Sizinabwere.

Amayi anang'amba chitenje n'kumanga dzanja la atate. Analankhula motsitsa, osawayang'ana kumaso. Anati mawa aitane malole a dothi adzakwirire dzenjelo, pabzalidwe ngakhale repu. Amayi anamanga mfundo, n'kufunsa kuti munthu woopa madzi chotere, chimene akufuna ndi chinthu chimenechi n'chiyani kwenikweni.

Ndinkaganiza kuti atate atchulanso za mwala ndi magetsi. M'malo mwake anatchula Dingani, mng'ono wawo amene ife timangomudziwa pachithunzi cha pabalaza, yemwe anatengedwa ndi Luangwa ali mnyamata. Anati tsiku limenelo iwo anali pamtunda, akuona, osadziwa choti achite ndi manja awo.

"Sinifuna kuonetsa anthu, amake Ednah," anatero, akupukuta matope patsaya la Towela. "Nifuna ana anga aphunzire kusambira mu manzi yooneka pansi, ine nili pafupi."