Simeon Anaona Zonse Pageti

Panali patatha milungu itatu a Jameson Mbewe ali chigonere m'nyumba mwawo ku Mzilikazi, mwendo uli m'chikhakha. Galimoto inawagunda Lolemba lina m'mawa akutsika panjinga pageti la fakitale yosoka mayunifolomu ku Belmont, kumene amagwira ntchito ya ulonda. Woyendetsa sanaime n'komwe.

Akazi awo, a Dorah, amene amasoka pafakitale yomweyo, anakanena kupolisi tsiku lomwelo. Pantchito panamveka manong'onong'o akuti galimotoyo inali ya a Magutshwa, mwini malole ambiri komanso mkulu wa chipani china cha ndale. Koma apolisi ankafuna munthu woti anaona ndi maso ake. Munthuyo analipo mmodzi yekha, Simeon wodula nsalu, amene anali pambuyo penipeni pa a Jameson. Vuto linali lakuti Simeon anali wa chipani cha a Magutshwa, ndipo akafunsidwa ankangoti, "Ine ndinali nditayang'ana kumbali."

Nthawi ya chakudya chamasana nkhani inali yomweyi tsiku ndi tsiku. Amene ankaiyamba anali Nkosana wa kosita, munthu wa chipani chotsutsana ndi cha Simeon.

"Hayi bo, anthu inu!" anatero Nkosana tsiku lina. "Akanakhala ine ndagunda munthu, bwenzi nditagona kale m'chitokosi. Koma akuluakulu anu lamulo amalipondaponda. Amangidwe basi!"

"Iwe usandiuze zimenezo," anayankha Simeon. "Chaka chatha khansala wanu atamenya mayi uja kumsika, sunali iwe unkati mlandu ndi wongopeka?"

"Khansala uja ankangomuzunza chifukwa cha ndale."

"Ndiye wanu akalakwa akuzunzidwa, wathu akalakwa amangidwe?"

Ena anaseka, ena anayamba kuloza zala. A Dorah anavundikira chakudya chawo osachimaliza.

"Achimwene, nonse awiri mukukangana za zipani," anatero a Dorah. "Mwendo wa amuna anga ulibe chipani. Dzulo amalephera ngakhale kupita kuchimbudzi okha."

Simeon anayang'ana pansi.

Loweruka masana a Dorah anakakhala pakhonde la oyandikana nawo, mayi Zainab Salim, amene amagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu pa nkhani za malamulo.

"Ndangoganiza zosiya, mayi Salim," anatero a Dorah. "Ife ndife ndani kuti tilimbane ndi munthu ngati uja?"

"Musasiye, mayi Mbewe. Gawo 56 la malamulo aakulu a dziko lino limati anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo. Silikuti kupatula a malole kapena a chipani. Nambala ya mlandu wanu muli nayo?"

"Nambala? Ayi, sindinafunse."

"Lolemba mukaifunse, mulembenso dzina la wapolisi amene akufufuza. Fomu ya dokotala yofotokoza mmene bambo anavulalira ikhale m'fayilo, inu musungeko fotokope. Mukaona kuti zikuchedwa, muli ndi ufulu wopempha kuonana ndi mkulu wa polisiyo."

"Nanga zikatero zitheka?"

"Sindikunamizani. Anthu a mphamvu amakhala ndi maloya, ndipo amadziwa kuchedwetsa zinthu. Koma milandu yambiri yotere ndaiona ikufa chifukwa wodandaula watopa, kapena mboni yakhala chete. Mboni yanu ili kuti?"

A Dorah anafotokoza za Simeon. Mayi Salim anawalangiza kuti asamukalipire, koma angomuitana adzaone wodwala.

Simeon anabwera Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, atanyamula malalanje. Ataona a Jameson atawonda, chikhakha chikufika m'ntchafu, anakhala pampando pafupi nawo.

"Simeon, mwana wa kwathu, ine sindikukakamiza," anatero a Jameson. "Ngati sunaone, sunaone."

Simeon anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ndinaona, bambo. Anali a Magutshwa omwewo, ali pafoni. Koma ndikanena, kuchipani andiyesa wogulitsa anzake. Ine ndakhala m'chipanimo zaka khumi ndi ziwiri. Ana anga amayenda m'misewu yomweyi."

Mayi Salim, amene a Dorah anawaitana, anayankha modekha. "Mantha anuwo ndi omveka, bambo. Koma khoti silikufunsani khadi la chipani, ndipo palibe akukuuzani kuti mutulukemo. Mukanena zimene munaona basi, osawonjezera, osachotsera. Wina akakuopsezani, umenewo ndi mlandu pawokha, ndipo mukanene msanga. Ndikufunseni, akanagunda a Jameson ndi khansala wa chipani cha Nkosana, mukanakhala chete?"

"Ayi. Ndikanathamangira kupolisi tsiku lomwelo."

"Ndiye chasiyana n'chiyani?"

Simeon anatsanzika n'kupita. Koma Lachiwiri anapempha chilolezo kwa kapitawo, ndipo anapita ndi a Dorah kukapereka sitetimenti.

Mlanduwo sunayende msanga. Unaimitsidwa katatu, kamodzi chifukwa loya wa a Magutshwa anati akudwala. Nthawi iliyonse a Dorah ankalemba tsiku latsopano m'kabuku kawo n'kubwereranso. Anzake ena a Simeon a kuchipani anasiya kumupatsa moni, ndipo zinamuwawa. Tsiku lopereka umboni, Nkosana anafika pakhoti atavala malaya a chipani chake.

"Vulani zimenezo, achimwene," anatero a Dorah. "Sitinabwere kumsonkhano."

Nkosana anavala jekete pamwamba n'kumanga mabatani onse. Anakhala kumbuyo, akumvetsera Simeon akufunsidwa ndi loya kwa ola lathunthu popanda kusintha mawu.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, khoti linapeza a Magutshwa olakwa pa kuyendetsa mosasamala komanso kuthawa pa malo a ngozi. Linawalipiritsa chindapusa n'kuwaletsa kuyendetsa galimoto kwa chaka. A Jameson, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anagwira Simeon dzanja panja pa khoti ndipo sanalisiye msanga.

M'minibasi yobwerera kuntchito, Nkosana anakhala pafupi ndi Simeon.

"Mfowethu, m'bale wanga," anatero, "za mayi wa kumsika uja, ine ndinalipo tsiku limene anamenyedwa. Kodi mayi Salim aja, amene anathandiza a Dorah, angandiuze kokanena?"

"Tipite limodzi Loweruka," anayankha Simeon.

Lamulo ndi limodzi kwa wolemera ndi wosauka, kwa wa chipani chanu ndi wa chipani china. Koma silidziyendetsa lokha. Mukalakwiridwa, kaneneni, tengani nambala ya mlandu ndipo muziutsatira mpaka utathe. Mukaona munthu akulakwiridwa, perekani umboni woona, ngakhale wolakwayo akhale mtsogoleri amene mumamukonda.