Kanema wa m'minibasi ya Traian

Pulogalamu yachinayi inali pakati pa ntchito pamene kompyuta inayamba kulira ngati chigayo chosowa mafuta, kenaka sikirini inada bii. Aglaia anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Mwamuna wake Traian anali chiimire kumbuyo kwa mpando, manja ali m'matumba, monga ankachitira masiku atatu onsewo.

"Yafa?" anafunsa Traian.

"Siinafe, yatopa. Iyi ndi nkhalamba inzako, usaithamangitse."

Kompyutayo Aglaia anapatsidwa popuma ntchito ya ulembi pasukulu ya m'mudzimo. M'mbali mwake anali atalowetsamo kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, kochokera m'kamera ya pagalasi la minibasi imene Traian ankayendetsa. Pa kakhadiko panayenera kukhala mphindi zitatu zimene Traian ankakhulupirira kuti zimuombola.

Kwa zaka khumi ndi zinayi Traian ankanyamula odwala impso a m'midzi yozungulira, katatu pa sabata, kupita nawo kuchipatala cha m'tauni ya Roman kukatsukidwa magazi pa makina. Sanagundepo ngakhale nkhuku. Chiyambireni nkhondo tsidya la malire, msewu waukulu wopita ku mzinda wa Suceava unkadzaza midipiti ya malole a asilikali, ndipo aliyense wogwira chiwongolero anali ataphunzira mwambo wake. Mdipiti ukaupeza umautsatira patali, suupitirira mwa zidutswazidutswa, ndipo koposa zonse sulowa pakati pa malolewo. Mpata umene amasiya pakati pawo ngwa mabuleki awo, chifukwa lole yonyamula chitsulo siima ngati ngolo ya kavalo. Traian ndiye ankakonda kudzudzula madalaivala osapirira pa nkhani imeneyi. Ankawauza pomwa khofi kuti kuthamanga sikufika, iwo n'kumamuseka kuti minibasi yake imapitiriridwa ndi atsekwe.

Lachitatu la sabata yathayo anaupeza mdipiti atangotuluka m'mudzi womaliza. Anautsatira theka la ola, minda ya chimanga chouma ikudutsa pang'onopang'ono uku ndi uku. Kenaka tanti Safta (tanti ndiko kuti azakhali, monga onse ankawatchulira), mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri amene ankakhala pampando wa pazenera, anapendekeka n'kugwera paphewa la Costache, wodwala mnzawo. Maso anatembenuka, milomo inayera. Azimayi awiri akumbuyo anayamba kulira n'kumatchula dzina la Mulungu. Kuchipatala kunatsala makilomita makumi awiri.

Zotsatirazo Traian anazinena kwa apolisi, kwa abwana ake ndi kwa Aglaia mofanana, osasintha liwu. Ankati msilikali wa m'lole yomaliza anatulutsa dzanja pazenera n'kumukodola kuti apite. Anapitirira malole atatu, kutsogolo kunatulukira lole ya matabwa, ndipo analibe kothawira koma kulowa pakati pa mdipiti. Lole ya kumbuyo kwake inaponda mabuleki, yotsatira inaigunda. Woyendetsa lole yogundayo, msilikali wa ana awiri dzina lake Ovidiu, anamutulutsa atadula chitseko, miyendo itaphwanyika. Tanti Safta anatsitsimuka ndi phokosolo n'kufunsa ngati afika. Madokotala anati magazi anangotsika, zimene zimawachitikira odwala impso.

Apolisi anamulanda chiphaso. Costache anati iye anali kugwirira tanti Safta, sanaone kanthu. Kakhadi ka kamera anakayesa ku polisi, kompyuta yawo inati kaonongeka, ndipo a Mocanu, wapolisi wofufuza nkhaniyo, anamubwezera n'kunena kuti kakadzatseguka adzabwere nako.

N'chifukwa chake Aglaia anakhala patebulo la m'khitchini, akutsitsa pa intaneti mapulogalamu aulere amene ankalonjeza kuukitsa zinthu zakufa. Yoyamba inagwira ntchito m'mawa wonse n'kutulutsa zithunzi za ubatizo wa mdzukulu wawo, zimene anajambula kakhadiko kasanalowe m'minibasi. Yachiwiri inali m'Chingerezi, ndipo Aglaia ankaiwerenga ndi dikishonale pamwendo. Inaonetsa dzina la kanema wa tsiku lenilenilo, koma atadina kuti autsegule inati zaulere zathera pomwepo. Yachitatu inabwera ndi alendo osaitanidwa: mawindo a njuga ndi atsikana ovala mosakwanira ankatseguka okha, ukatseka limodzi kutseguka atatu.

"Taona zimene wandibweretsera m'nyumba ukalamba uno," anatero Aglaia.

Traian sanaseke. Masiku amenewo ankadya ngati akumwa mankhwala. Ankadzuka nthawi yake yakale, kumeta ndevu, kuvala jekete, kenaka n'kukumbukira kuti alibe kopita. Minibasi inali itapatsidwa dalaivala wina, ndipo ikamadutsa pamsewu wa m'mudzi iye ankalowa m'khola la nkhumba kuti odwala asamuone.

Masana a tsiku limene kompyuta inazima, tanti Safta anabwera ndi ndodo yawo, atanyamula tchizi cha nkhosa m'kansalu. Anakhala pabenchi ya panja, kupuma kukuwavuta, n'kudandaula kuti dalaivala watsopanoyo amatsegula wailesi mokweza ndipo sawathandiza pokwera. Kenaka anatsitsa mawu.

"Traian mwana wanga, ine ndipita kukhoti. Ndikanena kuti dzanjalo ndinaliona ndi maso angawa."

"Munaliona bwanji, tanti, muli chikomokere?"

"Diso limodzi linali lotsegula."

"Musachimwe chifukwa cha ine. Kamera ikanena yokha."

Mayiwo anagwedeza mutu n'kunena kuti Costache wayamba kuyenda pa basi wamba, sakufunanso minibasi, ndipo ukamutchulira nkhani ya ngoziyo amayang'ana nsapato zake. Traian anati mwina mantha sanamuchoke.

M'mawa mwake Aglaia anatsegula bokosi la kompyuta, anachotsa fumbi ndi nthenga ya tsekwe, ndipo inayaka. Anachotsa mapulogalamu onse anayi aja. Pa tsamba lina pamene madalaivala a malole amakambirana mavuto awo anapezapo dzina la pulogalamu ina, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka. Inali yonyansa m'maonekedwe, zilembo zoyera pa windo lakuda, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo mausi sinkagwira ntchito m'menemo. Aglaia analemba malangizo ake papepala n'kumawatsatira ndi chala. Manambala anayamba kuthamanga. Anaika msuzi wa nyemba pamoto, anakapatsa nkhuku chakudya, anabwerera, manambala akuthamangabe.

Dzuwa litapendeka, pulogalamuyo inatulutsa mafayilo makumi atatu opanda mayina. Kompyuta inakana kuwatsegula. Aglaia anatsitsanso pulogalamu ina yaulere yoonetsera makanema, ndipo wachisanu ndi chiwiri atamudina, pa sikirini panaoneka msana wobiriwira wa lole ya asilikali ndi minda ya chimanga.

Traian anakoka mpando n'kukhala pansi kwa nthawi yoyamba. Chithunzi chinkadukaduka koma mawu ankamveka bwino. Anamva injini yake, anamva kulira kwa azimayi aja, anamva mawu ake akufunsa ngati tanti Safta akupuma. Minibasi inasendera kumanzere kusuzumira njira. Pamenepo dzanja linatulukadi pazenera la lole yomaliza.

"Ilo," anatero Traian, atagwira mkono wa mkazi wake. "Ilo, waliona?"

Aglaia analiona. Chikhatho chinali chotambasuka, choloza kumbuyo, chikukankha mphepo kawiri, katatu, monga munthu amaletsera ng'ombe kulowa m'munda. Kenaka kunamveka mawu a Costache, apafupi ndi kamera, osakuwa n'komwe.

"Achimwene a Traian, akuti musapite."

Ndipo mawu a Traian anayankha, "Ndaona."

Injini inabangula. Malole atatu anadutsa kumanja. Aglaia anaimitsa kanemayo lole ya matabwa isanatulukire.

M'khitchinimo munangomveka msuzi ukubwata. Traian anapempha kuti abwezenso. Anaonera kachiwiri, kachitatu, nkhope ili pafupi ndi sikirini ngati kuti dzanjalo lisintha maganizo. Kachinayi anatseka maso n'kumangomvetsera, ndipo liwu lija linamvekanso momwemo, lake ndithu, losanjenjemera.

"Sindinaname, Aglaia. Ndikatseka maso ndimaliona likundikodola. Mpaka pano ndikuliona."

"Ndikudziwa."

"Sindikukumbuka kuti ndinayankha."

Aglaia anapita kukaphula msuzi, anauika pambali, anapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Atabwerera analankhula mofatsa, maso ali pawindo. Anati a Mocanu akudziwa kuti kakhadi kanaonongeka, ndipo palibe amene akuyembekeza kuti mayi wopuma ntchito angakatsegule. Anati Costache wasankha kale kukhala chete. Popanda kanemayo ukhala mlandu wa mawu ake ndi mawu a msilikali, ndipo woweruza akamva za mayi wokomoka mwina adzachita chifundo. Koma ndi liwu limodzi lija, anatero, chifundo chidzachepa, ndipo munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi akalowa m'ndende satulukamo yemweyo.

"Batani lofufutira ndi ili," anatero. "Madzi anatayika kale, Traian. Miyendo ya munthu uja sibwerera chifukwa iwe wakadzipereka."

"Nanga msilikali uja anatulutsa dzanja? Sabata yonse ndakhala ndikunena kuti ndiye anandiitana. A Mocanu anati akuluakulu ake akumufunsa."

"Ali ndi akuluakulu omuteteza. Iwe uli ndi ine ndekha."

Traian anatuluka n'kukaima pansi pa mtengo waukulu kumbuyo kwa nyumba. Ankaganiza za Costache, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankakhala kumbuyo kwake akumuuza za mpira ndi za ndale, ndipo tsopano ankaimirira m'basi yodzaza, mkono wake wobayidwabayidwa uli pachifuwa, pothawa kumuyang'ana m'maso. Ankaganiza za nthawi zonse zimene ananena pamaso pa anthu kuti iye sakanalowa pakati pa mdipiti akanapanda kuitanidwa. Atabwerera m'nyumba anapeza Aglaia atakhala pomwe anamusiya, kanemayo ali chiimire pa lole yachitatu.

Anamupempha kuti asunge fayiloyo pa kakhadi kena. Aglaia anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachita zimene anapemphazo. Anaika kakhadiko m'envelopu n'kukankhira mbali yake ya tebulo.

"Ine sindikuperekeza," anatero. "Masiku anayi ndakhala pano, maso akundiwotcha, ndimati ndikukutulutsa m'dzenje. Sindikakhala pabenchi kumaonerera ukudzikwirira."

M'zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wawo Traian anali asanapiteko ku ofesi iliyonse popanda iye, chifukwa Aglaia ndiye ankadziwa zolemba ndi zosayina. M'mawa mwake anavala malaya oyera, anakwera basi ya m'ma eyiti, anakhala kumbuyo kwenikweni. Ku polisi anadikira m'khonde mpaka a Mocanu atamuitana.

Wapolisiyo anaonera kanemayo kamodzi kokha. Liwu lija litamveka anachotsa dzanja pa mausi n'kumuyang'ana.

"Bambo Traian, mukudziwa zimene mwandipatsazi?"

"Ndikudziwa."

"Loya wanu waziona?"

"Ndilibe loya."

A Mocanu anapuma mozama, anakoka fomu yatsopano n'kuyamba kulemba. Ali mkati molemba ananena, osakweza mutu, kuti msilikali wa dzanja uja anali atamuimitsa kaye kuyendetsa podikira kafukufuku, ndipo tsopano abwerera pantchito. Traian anafunsa za Ovidiu. Wapolisiyo anati mwendo wakumanzere anaudula Lolemba, wakumanja akuuyesabe. Traian anafunsa ngati angakamuone.

"Musapiteko. Mkazi wake amakhala pakhomo la wodi tsiku lonse."

Anasayina masamba anayi. Anamuuza kuti asachoke m'boma lawo ndipo kalata ya kukhoti idzamupeza kunyumba.

Anafika m'mudzi masana. Minibasi ya odwala inali itaima pa geti la tanti Safta, ndipo dalaivala watsopano anali pa foni, mayiwo akuyesa kutsika okha chammbuyo, phazi likufufuza sitepe. Traian anafulumira, anawagwira m'khwapa n'kuwatsitsa. Iwo anamufunsa ngati kamera yanena.

"Yanena, tanti."

"Ambuye alemekezeke," anatero mayiwo, n'kudzilemba mtanda.

Traian anawaperekeza mpaka pakhomo, anawapatsa ndodo yawo, ndipo sanawauze kanthu kena.