Dzina pa Chibonga

Mwamuna wanga Zakeyu sankamwa mowa kapena kuthamanga ndi akazi. Matenda ake anali dzina. Chinthu chilichonse chotuluka pa makina ake ozunguza mtengo, kaya mbale, kaya mwendo wa tebulo, ankachitembenuza, n'kutentha msomali pa mbaula mpaka ufiire, n'kulemba ZAKEYU, pansi pake mwezi ndi chaka. Ngakhale kachoikamo mchere kochepa ngati dzira, dzina lonse linkakwanapo. Ndinkamuseka kuti tsiku lina adzandilemba nanenso kuphazi.

Mu Malichi esiteti ya tiyi ya kuseri kwa mudzi wathu inamupatsa ntchito yosema zibonga za alonda. Anazisema bwino, zosalala, mutu wake wolemera. Ndinamuuza kuti izi zokha azisiye zopanda dzina. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi ake.

"Ntchito yopanda dzina ndi ya wakuba," anatero, msomali uli kale pamoto.

Tsiku lina ndinali kuchapa pakhomo pamene ndinamva phokoso likukwera kuchokera kudambo. Anthu anali ambiri, ena ndi zikwanje, ena ndi miyala. Patsogolo panali Raphael, mnansi wathu, malaya ali magazi okhaokha. Mlongo wake Eneless anali atapita kukatola nkhuni m'nkhalango ya bulugamu ya esiteti. Alonda anamupeza, anamumenya mpaka kumung'amba mutu, n'kuthawa atamva anthu akubwera. Palibe amene anawaona nkhope. Chomwe anasiya pamasamba chinali chibonga.

Raphael anakankha chitseko cha shedi yosemeramo ndi phazi. Zakeyu anali akupalasa makina, mbale ikuzungulira, zipalapala zili tsitsi lonse.

"A Zakeyu, chinthu ichi ndi chanu?"

Magazi ndi dothi zinali zitadzaza m'zilembo. Ndinayandikira, ndipo ndinaona kuti dzinalo silinkawerengeka bwino. Ndinalowa pakati pawo.

"Achimwene, osema alipo ambiri. Msomali aliyense atha kutentha. Bambo, auzeni kuti si chanu!"

Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti mwina mayiyu akunena zoona. Mkono wa Raphael unatsika pang'ono. Mawu awiri okha akanatipulumutsa.

Koma mwamuna wanga, munthu wa tchalitchi, chitsiru changa chokondeka, analandira chibongacho. Anapukuta magazi ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, monga amapukutira fumbi asanapake polishi. Zilembo zinatuluka zonse.

"Ndi changa. Cha mu Malichi. Koma ine sindinamenye munthu, Raphael."

Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Ndani anamupempha kuti apukute?

Mwala woyamba unaphwanya makina. Wina ananditaya pa mulu wa matabwa, mlomo n'kung'ambika. Zakeyu anamukokera panja, akumumenya mateche m'nthiti, ndipo wina ankakuwa kuti abweretse petulo. Raphael anakana. Iye ankalira, mamina ali chuchuchu, koma anakana za moto.

"Dzanja lomwe linasema, lomwelo basi," anatero.

Anyamata awiri anamugwira, n'kuika dzanja lake lamanja pa chitsa chomwe ankadulirapo mitengo. Ndinakwawa, ndinagwira miyendo ya Raphael, ndinamukumbutsa kuti mbale zodyera paukwati wake anasema ndi dzanja lomwelo. Sanandimve. Chibonga chinatsika, ndipo ndinamva mafupa akuthyoka ngati chinangwa chouma. Chinatsikanso. Zakeyu sanakuwe, anangotulutsa mpweya, maso n'kutembenuka. Anthu ataona zala zija, mkwiyo unawathera, anayamba kuchoka mmodzimmodzi osayang'anana.

Ndinamanga dzanjalo ndi chitenje changa. Crispin wa kabaza ndiye yekha analimba mtima kutinyamula pa njinga yake yamoto, Zakeyu pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira kuti asagwe. Msewu wa kuchipatala umadutsa m'minda ya tiyi. Amayi ankathyola masamba monga tsiku lililonse, madengu kumsana.

"Eneless ali moyo?" anafunsa Zakeyu.

"Khalani chete, bambo," ndinamuyankha, chifukwa sindinkadziwa.

Pa geti ya esiteti Crispin anachepetsa liwiro chifukwa cha mabampu. Alonda anali ataima pamthunzi, yunifomu yochapa bwino, akuseka nkhani zawo. Mmodzi anatikwezera dzanja kutipatsa moni. Aliyense anali ndi chibonga m'khwapa, chosalala, chopakidwa polishi.

Zakeyu anatembenuza mutu kuwayang'ana mpaka tinapitirira. Kenako anabisa dzanja lake lamanzere m'malaya, nati chapansipansi, "Rachel, zonsezo ndinazilemba dzina."