Batala wa mu Mtsuko

Ba Hosea sanali munthu wopemphapempha. Zaka zonse zimene anakhala ku George, komboni ya mu Lusaka, akuumba mabuloko padzuwa, chilichonse chimene mkazi wawo Maggie waika patebulo ankangodya. Koma matenda atawagwetsa mwezi wa Okutobala, phala analikana, nthochi anazikana, thupi n'kuyamba kutha. Tsiku lina anatembenuka pabedi n'kupempha chinthu chimodzi chokha.

"Amake Cephas, nifuna buledi na batala. Osati majarini ya pa kantemba iyayi. Batala yeniyeni."

Anali atalawako ali mnyamata, akusesa pabwalo la bwana wina kumayadi, ndipo lilime silinaiwale. Maggie sanafunse zambiri. Anakwera minibasi kupita mutauni, n'kubwerako ndi kamtanda kamodzi kokutidwa m'pepala lonyezimira.

Tsono dzuwa la Okutobala mu Lusaka silichita nthabwala, ndipo magetsi masiku amenewo ankangobwera kudzapereka moni. Ba Chansa, mayi wa khomo loyandikana amene ankagulitsa nsomba pamsika, anauza Maggie kuti abweretse batalayo aike mufiriji yawo.

"Mu firiji ya nsomba? Zikomo, ba Chansa, koma atate Cephas sanapemphe batala yonunkha buka-buka," anatero Maggie.

Anachita mmene ankachitira amayi ake ku Katete. Anaika batala m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko anakamiza mu mtsuko wa madzi amchere, mtsukowo n'kuufunditsa saka lonyowa pakona pamene dzuwa silifika. M'mawa uliwonse ankasintha madzi ndi kunyowetsanso saka. Pa ntchito imeneyi, kunena zoona, panalibe womuposa mu George monse.

Vuto la Maggie linali lina. Pakhomo pake chinthu chabwino sichinkatsegulidwa tsiku wamba. Mbale zamaluwa zimene analandira paukwati zinali zikadali mukabati, mipando ikadali m'mapulasitiki ake. Batala uja analowa m'gulu lomwelo.

Tsiku loyamba ba Hosea anali atatsegula m'mimba, ndiye Maggie anati mafuta angawonjezere matenda. Mimba itakhala pansi, kunabwera amayi a kutchalitchi kudzaona wodwala, ndipo Maggie anadziwa kuti akatulutsa batala pamaso pa alendo, mwambo ufuna aliyense alaweko. Kachitini kanakhala m'madzi. Atapita alendo, mwana wawo Cephas anaimba foni kuchokera ku Kitwe kuti abwera Lamlungu.

"Tizatsegula pa Sondo, mudye pamozi na mwana wanu," anatero Maggie, akuwapatsa tiyi.

"Ili bwino koma?" anafunsa ba Hosea.

"Ili bwino maningi. Yalimba monga mwala."

Ba Hosea anagwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma. Sanapemphenso, poti sanali munthu wopempha kawiri.

Lamlungu Cephas sanabwere, kuntchito anamukaniza. Maggie anakwiya, anayankhula yekhayekha akutsuka mbale, n'kusinthanso madzi a mumtsuko monga mwa masiku onse. Sabata ija ba Hosea anasiya kumeza. Apo mpamene Maggie anachita mantha, anatuma munthu kukagula buledi, koma buledi asanafike, galimoto yopita nawo kuchipatala inali itaima kale pakhomo. Kuchipatalako sanabwereko.

Maliro anasonkhana panyumba. Mipando anaitulutsa panja ndi mapulasitiki ake omwe, amuna n'kukhala pansi pa tenti, amayi m'nyumba pamphasa. Cephas anafika tsopano, poti ku maliro bwana sakaniza munthu. M'mawa mwake amayi ophika tiyi anayamba kufunafuna madzi, ndipo ba Chansa anavundukula saka lija pakona. Anatulutsa kachitini, anatsegula, ananunkhiza. Pepala lonyezimira linali lisanang'ambidwe n'komwe.

Anapita nako pamene panakhala Maggie, atafunda chitenje kumutu, n'kugwada pambali pake.

"Bana Cephas, iyi batala tingapake ku buledi ya bantu?"

Maggie anayang'ana kamtanda kaja. Mtima unamuwawa kuposa mmene unawawira kuchipatala, koma misozi sinatuluke. Anangovomera ndi mutu.

Ba Chansa anamatula pepala, anagwira ndi chala, analawa pang'ono. Anali mayi woona mtima, wosadziwa kusunga chiyamiko m'kamwa.

"Na kupya konse uku, siinaonongeke olo pang'ono," anatero. "Mwasunga bwino, bana Cephas."

Kenaka anatenga mpeni n'kuyamba kupaka. Buledi anali wambiri, ndiye ankapaka mopyapyala kuti aliyense wobwera pamaliro a ba Hosea alaweko.