Khomo Loyang'ana ku Ngalande

Azungu a ku Denmark amene anamanga tchalitchi chathu ankaphunzitsa kuti pamaso pa Mulungu tonse ndife ofanana, ndiye anaika makomo awiri. Lalikulu, la matabwa osemedwa maluwa, linali lalitali moti munthu atanyamula mnzake pamapewa akanadutsa bwinobwino, ndipo linayang'ana kumtsinje kumene eni ake ankatsikira m'maboti. Linalo linali kakhomo ka m'mbali, kolekeza m'khosi, ka ife a mtundu wofufuta zikopa. Azunguwo atapita, mabanja a minda ya mpunga analowa chokolo mipando yakutsogolo, ndi khomo lomwe.

Kenako mtsinje uja unaphwa n'kusanduka ngalande ya msika wa nsomba. Lero aliyense, ngakhale bishopu, amalowera pa kakhomo kathu chifukwa ndi kamene kayang'ana kumsewu. Khomo lalikulu linasiyidwira akangaude.

Achimwene anga a Arulappan okha ndi amene sanaiwale. Agogo athu anakalamba akukolopa masitepe a khomo limenelo osalidutsapo, ndipo achimwene analumbira kuti mwana wawo wamkazi Jebamani adzatulukira pamenepo tsiku la ukwati wake. Anapita kwa akulu a mpingo atamanga nkhope, okonzekera nkhondo.

"Ndi zomwezo basi?" anaseka a Gnanadurai, mkulu wa mpingo, amene agogo awo ankabweza agogo athu ndi ndodo. "Tsegulani, a Arulappan. Mukafuna mulizule, mukaliike kwanu."

Achimwene anabwera kunyumba ali khuma. Ndinawamvera chisoni, koma ndinawanena.

"Mwapambanatu. Nanga nkhope yamaliroyi ndi ya chiyani?"

"Khala chete, iwe Rosammal. Bola akanakanako pang'ono."

Komabe anathira mafuta m'mahinjesi, napala utoto umene unamata zitseko, nayala matabwa pamwamba pa ngalande.

Tsiku la ukwati, abusa atadalitsa, anyamata anakankha zitseko zija. Kunalowa kuwala, kenako fungo la matumbo a nsomba, kenako ntchentche. Jebamani anaima, nayang'ana sari yake, chovala cha silika cha ukwati.

"Abambo, chonde. Ndipite kwa apongozi ndikununkha msika?"

"Ndi masitepe ochepa chabe, mwanangu."

"Galimoto ili kumsewu, abambo."

Anagwira mwamuna wake padzanja n'kukhotera ku kakhomo. Mpingo wonse unawatsatira, a Gnanadurai patsogolo atatseka mphuno ndi kansalu, aliyense akuwerama potuluka ngati sizachilendo.

Tinatsala awiri. Achimwene anakonza kolala ya malaya awo, nayenda pakati pa mipando pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba. Ine ndinawasiya apite okha.

Atafika pa khomo lalitali lija, anawerama kuti asagunde mutu.