Kompyuta Yopanda Mawu

Maso a a Rosebell Chikaonda anayamba kuchita chifunga chaka chatha, ndipo pofika nyengo ya mvula sankathanso kuwerenga kalata ngakhale ataiyandikitsa pamphuno. Iwo anali sekilitale pa ofesi ina ya boma mu Zomba. Akuluakulu awo anawauza kuti Lolemba akaonekere ku komiti yoti igamule ngati apitirize ntchito kapena apume chifukwa cha matenda. A Rosebell anayankha kuti kuli pulogalamu yomwe imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa pa kompyuta, ndipo anali ataiphunzira pa laputopu ya mnzawo wa kukwaya, mnzawoyo asanasamukire ku Mzuzu. Komiti inavomera kuti adzaonetse, koma inati m'makompyuta a pa ofesi simuikidwa zachilendo. Abwere ndi yawo.

Kunyumba kwawo ku Mtiya kunalibe kompyuta. Amuna awo, a Hopewell, mphunzitsi wa masamu, anati aipanga okha. Bodi yaikulu, pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa, anakaigula ku Limbe, yogwirapo kale ntchito. Bokosi loikamo zipangizozo anapatsidwa ndi mnzawo, ndipo zina zonse ankatolera pang'onopang'ono n'kumalumikiza patebulo lodyera. Loweruka kompyutayo inayaka. Fani inazungulira, sikirini inawala, kiyibodi inalemba bwinobwino. Koma atalumikiza masipika, munali zii.

Poyamba anaganiza kuti ndi waya. Anasintha waya, anasintha masipika, osaphula kanthu. Kenako anapeza kuti kompyutayo sinkakadziwa kachipangizo kotulutsa mawu kamene kali pa bodi. Pankafunika dalaivala, kapulogalamu kochititsa kuti ziwirizo zimvane. Kampani yomwe inapanga bodiyo inali itasiya kalekale kutulutsa madalaivala ake, ndipo amene analipo anali a sisitimu yakale yomwe pulogalamu ya a Rosebell sinkagwiramo ntchito.

Lamulungu akuchokera kutchalitchi anapeza magetsi atazima, ndipo aneba ankati polo ina yagwa cha ku Likangala. A Hopewell anaimbira a Saiti, mnzawo wa kuubwana yemwe ankayang'anira kaloji kena pamwamba pa phiri, komwe kunali jenereta ndi intaneti yodalirika. A Saiti anali mumsika akugula ndiwo za alendo, ndipo anadzera kudzawatenga. A Hopewell ankafuna kupita okha, koma a Rosebell anali atavala kale juzi. Anati makutu amene akufunika kumva mawuwo ndi awo.

Msewu wokhotakhota wa kuphiri anaukwera a Hopewell atafungatira bokosi pamiyendo. Ogulitsa mabulosi ankathamangira galimoto ndi timbale tawo, koma a Saiti sanaime. Pamwamba panali nkhungu, ndipo kunkazizira.

Anaika kompyuta pa kauntala yolandirira alendo. A Hopewell anafufuza mpaka anapeza tsamba lina pomwe anthu a m'maiko osiyanasiyana ankadandaula za bodi yomweyo. Wina anali ataikapo dalaivala yemwe anamukonza yekha. Ena pansi pake ankathokoza, ena ankachenjeza kuti anawaonongera zonse. A Hopewell anayang'ana akazi awo, amene anali atakhala pampando manja ali m'juzi, n'kudina pa dalaivalayo.

Sikirini inasanduka yabuluu. Kompyuta inazima, inayaka, inazimanso.

A Saiti anatsegula pakamwa, koma a Hopewell anawagwedezera mutu kuti asanene kanthu. Sizinathandize. A Rosebell anali atamva fani ikuima n'kuyambiranso.

"Bambo a Kelly, chachitika n'chiyani?"

A Hopewell anati palibe, ikungodzikonza.

"Musandibisire," anatero a Rosebell motsitsa mawu. "Kuofesi amandibisira, kuchipatala anandibisira. Inu ayi."

A Hopewell anawauza zoona, kuti kompyuta yakana kuyaka ndipo sakudziwa ngati ibwerera. A Rosebell sanalire. Anangonena kuti mwina kukanakhala bwino akanavomera kupuma mwaulemu, kusiyana n'kukanyamula bokosi lakufa pamaso pa anthu omwe agwira nawo ntchito zaka zonsezi. Mawu amenewa anawabaya a Hopewell kuposa kukalipiridwa. Anatulutsa fulashi yobwezeretsera sisitimu yomwe anabwera nayo n'kuilowetsa.

Kubwezeretsako kunatenga nthawi. A Saiti anachenjeza kuti mafuta a jenereta atsala pang'ono ndipo ayenera kusungira alendo. Anabweretsa tiyi yemwe anazizira asanamwedwe. Pomaliza kompyuta inayakanso, koma inabwerera mmene inalili, yopanda mawu.

A Hopewell atatsamira kauntala, anaona mahedifoni atakolekedwa pa msomali, omwe a Saiti ankayankhulira ndi alendo a kunja pa intaneti. Waya wake sunali wa kamutu kozungulira ngati wa masipika. Unali wolowa pomwe pamalowa fulashi. Anakumbukira kuti mahedifoni otere amakhala ndi kachipangizo kawokawo ka mawu, ndipo mwina sangafune kudzera pa ka pa bodi kaja. A Saiti anati khutu lakumanzere la mahedifoniwo linafa kale, koma ayese.

Anawalowetsa n'kuwaveka a Rosebell. Kwa kanthawi nkhope yawo sinasinthe. Kenako anakweza dzanja kuti onse akhale chete, n'kufufuza kiyibodi ndi zala. Anati mwalankhula mzungu wa mawu a m'mphuno, ndipo dzina lawo walitchula ngati akutsamwa. Anayeserera mpaka a Saiti anazimitsa jenereta, ndipo anatsika phiri kusanade.

Lolemba m'mawa a Hopewell anapempha kusukulu kuti achedwe. Ananyamula bokosi, sikirini ndi mahedifoni omwe a Saiti anawabwereka mpaka m'chipinda cha komiti, analumikiza zonse, kenako anauzidwa kuti adikire panja. Anakhala pabenchi ya m'khonde akumvetsera. Ankamva wapampando akutchula mawu a kalata, ndi kiyibodi ikugogoda. Pakatikati kugogodako kunaima. Anaimirira akuganiza kuti waya wasomoka. Anagwira chitseko koma sanatsegule. Patapita kanthawi kiyibodi inayambiranso.

A Rosebell anatuluka atatopa, thukuta lili pamphumi. Anati anasokonezeka pa maina a midzi, chifukwa mzungu uja ankawatchula mosamveka, ndipo anachita kubwerera kumamvetsera chilembo chimodzichimodzi. Analakwitsa malo angapo, n'kuwapeza okha wapampando asanawaloze. Komiti sinagamule zonse. Inati apitirize ntchito mpaka kumapeto kwa chaka, kenako idzaonanso, ndipo kompyutayo ikhale pa desiki yawo kuyambira tsiku lomwelo.

A Hopewell analowa kukasomola mawaya. Atanyamula bokosi, anafunsa komwe kunali desikiyo, pakuti anali asanalowepo mu ofesi ya akazi awo. A Rosebell anagwira khoma ndi dzanja limodzi n'kutsogola, akuwauza kuti asamale chifukwa pokhotera pali sitepe yothyoka.