Giya Yolemera ya Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali, adagula njinga yampikisano yofanana ndi yanga. Sabata isanathe anali atasanduka kale mphunzitsi wanga. Ine ndimakonda giya yopepuka, miyendo izizungulira msangamsanga, mawondo asavutike. Iwo zimenezi zinkawaseketsa.

"Alamu, mukupalasa kapena mukusoka pamakina? Mwamuna amaika giya yolemera, akaponda kamodzi njinga imve!"

Loweruka lina tidanyamuka ndi anzathu a m'gulu la opalasa. Titafika pa chitunda chachitali cha kuseri kwa fakitale, aliyense adapepukitsa giya, kupatula alamu. Iwo adaimirira pa mapedulo, njinga ikupendamira uku ndi uku, tcheni chikulira ngati chiduka. Ndidawadutsa ali wefuwefu, dovu likuyenderera pachibwano.

Ndili pakati pa chitunda, lole yonyamula nkhumba idandipitirira ikukwera mokakamira. Kuyang'ana kumbuyo kwake, si alamu awo! Dzanja lili gwa pa chitsulo cha lole, miyendo ili phee, akukokedwa. Pansi pa chitseko cha loleyo pankachucha madzi obiriwira osakanikirana ndi ndowe, mphepo n'kumawawaza kumaso, pachifuwa, mpaka m'kamwa poti munali yasa.

Pamwamba tidawapeza atakhala pamwala, ntchentche zikuchita nawo phwando.

"Mwachedwatu," adatero. "Ndinkanena ine. Nkhani ndi giya."

Mkulu wa gulu adatseka mphuno. "Nanga zili pamalayazi n'chiyani, achimwene?"

"Matope. Liwiro limatero."

Kunja kuli gwa, fumbi lokhalokha. Ndidafuna kuulula, koma ndidakumbuka nkhope ya achemwali. Ndisanazindikire, alamu adasolola botolo langa la madzi panjinga, n'kulivumata ndi milomo yomweyo. Adachukucha m'kamwa, kulavula pafupi ndi nsapato yanga, kenaka n'kundibwezera botololo likuterera.

"Tengani, ndakupatsani," ndidatero.

Ndidatsika chitundacho ndekha.

Madzulo ndidapita kwa achemwali. Ndidawapeza pabwalo atamanga nsalu kumphuno, akutokosa malaya aja ndi kamtengo m'beseni. Alamu anali pakhonde, bondo litatupa ngati dzungu, akufotokozera aneba mmene adasiyira gulu lonse m'mbuyo.

Achemwali adandiyang'ana. "Iwe, undiuze zoona. Anagwera m'chimbudzi?"

"Bola akadagwera," ndidayankha. "Malayawo ingotenthani."